Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zaulimi, aphungu ndi mafumu: ndiwo zathu zikuthera m'munda

Olemekezeka a Nduna ya Zaulimi,
Olemekezeka aphungu a ku Nyumba ya Malamulo,
A Gogo Chalo, mafumu athu,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu. Ine ndine mlimi wa m'boma la Ntchisi, mayi wa ana komanso gogo wa zidzukulu, ndipo ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake ikukhudza mbale ya munthu aliyense. Chaka ndi chaka mukamakamba za chakudya m'dziko muno mumatiwerengera matani a chimanga. Mukati dziko lakolola, mukunena chimanga. Mukati kwagwa njala, mukunenanso chimanga chomwecho. Za ndiwo sitimvako wina ataimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kuzifunsa. Komatu kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo ana otere ndi ochuluka ngakhale m'maboma olima chimanga kwambiri monga Mchinji ndi Dedza. Ambiri mwa ana amenewa nsima amadya ndithu. Chimene chikusowa ndi chodyera nsimayo, ndipo chinayamba kusowa m'munda chisanasowe m'mbale.

Ndikukumbutseni munda umene ambiri a inu munakuliramo musanapite ku sukulu zakutali. Pamzere umodzi pankakhala chimanga cha makolo, nyemba zoyanga paphesi lake, khobwe, ndi maungu oyala pansi. Pachulu pankakhala mphonda ndi maungu ena, kumalire kuli mapira kapena chinangwa, pakadera kamchenga pali nzama ndi mtedza. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje panalibe wodzala. Zinkamera zokha, ndipo mayi popalira ankadziwa choti azule ndi choti asiye. Munda umodzi womwewo unkayamba kudyetsa banja chimanga chikadali m'mawondo: nkhwani, chitambe ndi khwanya mu Januwale, maungu ndi zitheba mu Febuluwale pamene nkhokwe yapepuka, kenako dowe. Masamba otsala ankawafutsa, kuwayanika pamphasa, n'kuwamanga m'zikwatu zopachika kudenga, kuti mu Okutobala kunja kutauma gwa, mwana adye mfutso wotendera ndi nsinjiro. Ulimi umenewu sunali wa umbuli ayi. Nyemba, mtedza ndi nandolo zimasiya chonde m'nthaka, masamba a maungu amaphimba pansi kuti chinyezi chisathe msanga, ndipo mvula ikadula mbewu imodzi n'kufa, ina inkatsala.

Chimanga chenichenicho ndi mlendo kuno. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika mu Africa pa zombo za amalonda a Chipwitikizi. Makolo athu akale ankakhuta mapira, mawere ndi mchewere. Sindikunena izi ponyoza nsima ya chimanga, poti ndimaidya tsiku lililonse ndipo ndimaikonda. Ndikungofuna muone kuti kadyedwe kamene timakatcha ka makolo kamasintha, ndipo nthawi zambiri dzanja limene lakasintha ndi la boma.

Boma la atsamunda, makamaka itapita njala ya 1949, linakakamiza anthu kusiya matuto n'kuyamba kulima mizere yopingasa pofuna kuteteza nthaka kuti isakokoloke. Okana ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa kumene, ndipo mkwiyo wa malimidwe unathandiza kukoleza moto wa ufulu. Titadzilamulira, a Kamuzu Banda ankayendera minda chaka ndi chaka, achikumbe ankalemekezedwa, ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971 ndi misika yake mpaka kumidzi, ndipo ngongole za m'makalabu zinkabwera ndi mbewu ya haibulidi ndi feteleza. Uphungu wa alangizi unali wakuti munda wa mlimi wotsogola ukhale wa chimanga chokhachokha, woyera bwino. Patsogolo pake kunabwera kadzalidwe kamene kumudzi timakatcha Sasakawa, mbewu imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25 okha pamizere yothithikana. Chimanga chimachuluka, zimenezo sindikana. Koma m'munda wotere dzungu limasowa poyala, ndipo nyemba zimasowa dzuwa. Masiku ano kwabweranso mankhwala opha udzu. Amapeputsa ntchito yopalira, ndipo mayi amene wapalira ndi mwana kumsana sangawanyoze. Vuto ndi loti mankhwala sasiyanitsa kaufiti ndi bonongwe. Munda wopopera mankhwala umatuluka wopanda ndiwo ngakhale imodzi, ndipo mayi yemwe uja amakagula mpiru kumsika ndi ndalama imene alibe.

Tsono tifike pa makuponi. Starter Pack ya 1998 inali ndi kaphukusi ka mbewu ya mtundu wa nyemba pambali pa chimanga ndi feteleza. Ndondomeko ya sabuside ya FISP, imene a Bingu wa Mutharika anayambitsa mu 2005, inadzakhalanso ndi kuponi ya mtedza, soya, nyemba kapena nandolo. Ndondomeko yolowa m'malo mwake ya AIP itayamba mu 2020, thumba la feteleza lili pa K4,495, mbewu za mtundu wa nyemba zinachotsedwamo. Dzina la ndondomeko limasintha boma likasintha, koma mtima wake ndi umodzi: matumba awiri a feteleza, la NPK ndi la Urea, kuti mlimi alime chimanga. Gawo lalikulu la ndalama za unduna wanu, a Nduna, limathera pamenepo, ndipo feteleza yenseyo ndi wogula kunja ndi ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mtengo wake unakwera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 unakweranso. Mlimi amene anaphunzitsidwa kuti ulimi ndi chimanga ndi feteleza basi, dzina lake likapanda kutuluka pamndandanda amakhala ngati wadulidwa manja, pomwe agogo ake ankakolola pansi pa mtengo wa nsangu popanda kuthira kanthu, poti nsangu umayoyola masamba nthawi yadzinja n'kudyetsa nthaka.

Sindikupempha kuti sabuside ithe. Ndikupempha kuti kuponi ibwererenso ndi mbewu za ndiwo, ndipo mlimi azisankha yekha malinga ndi dera lake. Dziko lino si munda umodzi. Anzathu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amakhuta kondowole wa chinangwa ndi chigwada chotendera. Ku Karonga kuli mbalagha ya nthochi ndi mpunga wa Kilombero. Ku Nsanje ndi Chikwawa, kumene dzuwa limawotcha ndipo mvula ndi yosadalirika, mapira ndi mchewere ndiwo eni nthaka. Ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe kuli nandolo ndi kalongonda, amene amayi Achilhomwe amadziwa kumuphika nthawi yaitali, akutaya madzi, mpaka ululu wake utatha. Chakudya chilichonse mwa izi chinabadwa chifukwa anthu anaiwerenga nthaka ndi mvula ya kwawo kwa mibadwo. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Mu 2017 zinali mbozi zija zimene zinalowa m'mitima ya chimanga. Nthawi zonsezi chimene chimagwa koyamba ndi chimanga, pamene chinangwa, mbatata ndi mapira zimapirira. Nanga bwanji thandizo likamabwera pambuyo pa tsoka lotere limakhalanso mbewu ya chimanga?

Pali phunziro lina limene unduna wanu womwewo unaphunzirapo kale, ndipo linachokera pamtondo. Kwa zaka zambiri alimi ankalima haibulidi kuti agulitse, koma chodya pakhomo ankalima cha makolo. Akatswiri ena ankati ndi kusamva. Amayi ankadziwa chifukwa chake: chimanga cha makolo n'cholimba, pokonola sichinyenyeka, chimatulutsa mphale yambiri, makoko ake amatseka chitsononkho mpaka kunsonga ndipo nankafumbwe salowa msanga m'nkhokwe. Haibulidi wakale anali wofewa, ankathera m'madeya, ndipo ankafumbwa msanga. Ofufuza a ku Chitedze atamvera amayi, anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zobereka kwambiri koma zokonoleka, ndipo anthu anazilandira. Mbewu imaweruzidwa ndi wophika. Ndikupempha kuti mbewu iliyonse yatsopano, kaya ndi nyemba, mapira kapena mbatata, isanafalitsidwe izidutsa kaye m'manja mwa amayi akumudzi, aiphike, aone ngati ikupsa msanga poti nkhuni zikusowa, aone ngati ana akuidya. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, yalowa m'makomo chifukwa ana amaikonda, ndipo ndi yomweyo ili ndi vitamini A.

Ufa woyera nawo tiunene. Timakonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika, kenako kugayitsa. Nsima yake ndi yosalala, yokoma, yolandirira mlendo. Koma zambiri zomanga thupi zimatsalira m'madeya ndi m'madzi oviikira. Kale zimenezi sizinkavulaza kwenikweni, chifukwa madeya ankadya nkhuku ndi nkhumba za pakhomo pomwepo, ndipo pambali pa nsima pankakhala nyemba, therere la chidulo, masamba otendera, nthawi zina ngumbi kapena mbewa. Lero nsima yoyera yomweyo ikudyedwa ndi kabichi wa mchere ndi tomato mmodzi, mawa mpiru, mkuja kabichi yemweyo. Mgaiwa, umene uli ndi thanzi lochuluka, tinauika m'gulu la chakudya cha kundende, cha kusukulu zogonera ndi cha nthawi ya njala, ndipo banja limachita manyazi mlendo akaupeza pamoto. Manyazi amenewa angathe ngati inu akuluakulu mutayamba kuudya poyera. Pamisonkhano ya boma m'mahotela a ku Lilongwe ndi kunyanja, imene amalipira ndi misonkho yathu, pazipezeka mgaiwa, futali, nzama, chisoso chotendera ndi thobwa. Anthu amatsanzira mbale ya bwana kuposa chithunzi cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya chopachikidwa kusikelo.

Ndatchula thobwa, ndipo apa ndipamene mwambo ndi munda zimagwirana kwambiri. Palibe ukwati, chinamwali, kumanga chiliza kapena kulonga ufumu kumene kunkachitika popanda thobwa kapena mowa wamasese, ndipo chimera chenicheni ndi cha mawere kapena mapira. Chifukwa cha miyambo imeneyi banja lililonse linkasunga kamunda ka mawere. Pa dima anthu ankalimirana minda, malipiro ake ali thobwa ndi mowa. Mwambo ndiwo unkasunga mbewu, mbewu n'kumasunga mwambo. Lero mawere ndi osowa ndiponso odula, pazochitika zambiri pakubwera makireti a zakumwa za m'mabotolo, ndipo atsikana ambiri sakudziwa kumeretsa chimera. Pamodzi ndi thobwa lenileni patayikanso phala la mawere limene linkapatsa mphamvu mayi wochira kumene ndi mwana wosiya kuyamwa. Inu a Gogo Chalo, tikamapita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kapena anzathu akamasonkhana pa Chonde ku Mulhako wa Alhomwe ndi pa Hora ku Umthetho, zakudya za makolo zimaonetsedwa ndipo anthu amasangalala nazo. Ndikupempha kuti zisathere pachionetsero cha tsiku limodzi. Pamiyambo imeneyi pakhale malo osinthanirana mbewu, kuti wobwera ndi mawere abwerere ndi nzama, ndipo mfumu iliyonse ikafika kwawo ifunse kuti m'mudzi mwake ndani akadali ndi mbewu zimenezi.

Mphamvu zimene muli nazo pa chakudya chathu, mafumu, ndi zazikulu kuposa za ofesi ina iliyonse. Taonani pachilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi nyengo yadzinja kuti nsomba ziswane, n'kutsegula ndi mwambo, ndipo asodzi amamvera. Pamene chambo chikusowa m'madera ena a nyanja, lamulo la mfumu lasunga utaka wa pa Mbenji. Kuno kumtunda nkhani yofanana nayo ndi ya ziweto. Kuchigawo chapakati, tikangokolola chimanga mbuzi ndi ng'ombe zimatayiriridwa. Nandolo amene amacha mochedwa, chinangwa chimene chimagonera m'munda, ngakhale mitengo ing'onoing'ono ya nsangu, zonse zimathera m'kamwa mwa mbuzi. N'chifukwa chake ambiri kuno salima nandolo, si kuti nthaka imamukana. Kenako anyamata osaka mbewa amayatsa moto, mapesi amene akanawolerana n'kukhala manyowa amasanduka phulusa. Mbewa ndi ndiwo yathu, ndipo palibe akuti tisiye kudya, koma zimakumbidwa ndi khasu ndi kutcheredwa misampha popanda kuwotcha munda wa mwini. Mudzi umene mfumu yake yalamula kuti ziweto zizikhala ndi m'busa chaka chonse, ndi kuti woyatsa tchire alipe, umakhala ndi ndiwo chilimwe chonse. Lamulo lotere silifuna bajeti.

Nkhalango nazo ndi munda wa ndiwo. Bowa wambiri umene timazula mvula ikagwa sungalimidwe, umamera pamizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku. Mphalabungu zimadya masamba a mitengo ya m'tchire. Masuku, maye, mateme ndi bwemba ndi zipatso zimene mwana wa m'mudzi ankadya osalipira. Thumba lililonse la makala lochoka ku Dzalanyama kupita ku Lilongwe latenga ndi bowa yemwe. Bulugamu amapereka milimo, koma pansi pake sipamera bowa wotere. Aphungu, mukamakambirana za magetsi ndi gasi wophikira m'tauni, dziwani kuti mukukambirananso za ndiwo za mwana wakumudzi.

Sindingakhale wachilungamo nditangoyamikira mwambo. Pali zina m'chikhalidwe chathu zimene zikupinimbiritsa ana, ndipo amene angazithetse ndinu mafumu pamodzi ndi anamkungwi. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba, chiwindi ndi ntchafu ndi za bambo ndi mlendo, mwana amalandira msuzi ndi chipalapasiro. M'madera ena mayi woyembekezera amaletsedwabe mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri amamwetsedwa phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi mchere, nsinjiro zili m'nyumba momwemo. Ndiponso mtedza ndi soya zikangouma, bambo amagulitsa zonse kwa mavenda osasiyako thumba la ana, ngakhale kuno kwa Achewa kumene munda ndi wa kuchikazi ndipo wapalira ndi mayi. Nkhani zimenezi zizikambidwa pabwalo ndi kutsimba, abambo ali pomwepo.

Kuti zimatheka, umboni ulipo m'dziko momwe muno. Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, kuyambira chaka cha 2000, alimi pamodzi ndi ogwira ntchito pachipatala cha mishoni ndi ofufuza anayamba kudzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, kukwirira masangwi ake, n'kudzalamo chimanga chaka chotsatira. Anakonzanso masiku ophikira pamodzi, pamene amayi, abambo ndi agogo amaphunzitsana maphikidwe ndi kukambirana za amene amalamulira zokolola pakhomo. Ofufuza anapeza kuti ana a m'mabanja amene anakhalitsa m'ntchitoyi ankakula bwino kuposa anzawo. Anayamba ndi mbewu zochepa ndi kumvetsera alimi. Ntchito yotere imafuna mlangizi wokhala kumudzi, wokhala ndi njinga yoyenda, amene ntchito yake si kulemba maina a makuponi yokha. Alangizi alipo ochepa kwambiri, pomwe achinyamata omaliza maphunziro ku Bunda ndi ku Natural Resources College ali pakhomo kusowa ntchito. A Nduna, kagawo kochepa chabe ka ndalama za feteleza kangawalembe ntchito.

Mlimi amalimanso chimene akudziwa kuti chigulidwa. Alimi a kummwera anakhulupirira nandolo, koma dziko la India litachepetsa kugula mu 2017 mtengo unagwa pansi, ena anangomusiya m'munda. Unduna umalengeza mitengo yogulira mbewu chaka chilichonse, koma mtengo wapapepala popanda wogula suthandiza, ndipo ADMARC ikafika mochedwa mavenda amakhala atatha kale. Msika wodalirika uli m'manja mwanu momwemo. Sukulu zogonera, zipatala, ndende ndi asilikali amadya tsiku lililonse ndi ndalama za boma. Lamulani kuti gawo la chakudya chawo likhale nandolo, khobwe, nzama, mapira ndi mbatata zogula kwa makopaletivu a m'boma lomwelo. Phala la ana kusukulu za pulaimale lizikhala ndi nsinjiro za mtedza wa makolo a ana omwewo, wouma bwino ndi wosankhidwa kuti usakhale ndi chuku. Mukatero mudzaona minda ikusintha yokha popanda kukakamiza munthu.

Chotsiriza ndi mbewu zenizenizo. Lamulo la mbewu la 2022 ndi lofunika, poti tatopa ndi akuba amene amapaka utoto chimanga wamba n'kutigulitsa ngati haibulidi. Koma poligwiritsa ntchito musiyanitse wakuba wotere ndi gogo wogulitsa kambale ka mbewu ya nzama, mawere kapena maungu pamsika wapamudzi, chifukwa mbewu za makolo zotere sizipezeka kawirikawiri m'sitolo, ndipo njira imene zimayendera ndi dzanja ndi dzanja. Ku Chitedze kuli nkhokwe ya boma yosungira mitundu ya mbewu za m'dziko muno. Mbewu zimene zili kumeneko zichulukitsidwe n'kubwezedwa kumadera kumene zinatengedwa, ndipo zimene sizinafikeko zikatengedwe msanga, poti ozisunga ambiri ndi amayi okalamba amene ana awo anapita kutauni kapena ku Joni. Ndikupempha kuti isanafike nyengo yokolola ikubwerayi, mlangizi aliyense ayende ndi nyakwawa m'midzi ya dera lake, alembe mbewu za makolo zimene zatsala ndi amene akuzisunga, ndipo unduna uziwagula pamtengo wabwino kuti zigawidwe kwa ena mvula yotsatira isanagwe.

Ine mwana wanu,
Mayi mlimi wa ku Ntchisi